Nyumba Yakale Imayendera Nyengo

Nyumba ikasanduka yosungiramo zinthu zakale, mbale, mipando ndi makasu sizisowa. Akatswiri amazilemba m'kaundula, kuzipatsa manambala, n'kuziika pamalo pake. Chimene chimasowa mwakachetechete ndi ntchito. Banja limene linkakhalamo linkadziwa mwezi wokonza denga, mwezi wotsegula zitseko ndi mazenera onse kuti mphepo idutse, mwezi wounjika nkhuni, mwezi woti nkhokwe ikhale itamangidwa zokolola zisanafike pakhomo. Palibe amene ankalemba zimenezi, poti aliyense ankazidziwa. Banjalo likachoka, kalendala yonseyo imachoka nalo, ndipo makoma amatsala ali chiimire popanda wowauza kuti chaka chafika pati.

Ndakhala ndikuthandiza nawo mongodzipereka pa nyumba ina yotere ya kumudzi, ndipo nkhani imene imatenthetsa misonkhano ya komiti yathu kuposa ina iliyonse ndi ya zochitika. Ena amati malo osungira mbiri ayenera kukhala a zii, munthu alowe, awerenge, atuluke. Ena amafuna khamu Loweruka lililonse chifukwa denga likudontha ndipo ndalama palibe. Mbali zonse ziwiri ndimazimvetsa, koma ine ndaima pena. Zochitika zabwino ndi zimene zimabwezera nyumba kalendala yake yakale, ndipo eni ake a zochitikazo ayenera kukhala anthu amene amaiona nyumbayo tsiku lililonse akamapita kumunda kapena kusukulu.

Chimene chinanditsegula maso ndi utsi. Nyumba ya denga la udzu imene munkasonkhedwa moto tsiku ndi tsiku imakhala ndi mapaso akuda bii ndi mwaye, moti mlendo amayesa uve. Komatu utsi umenewo ndi umene unkaumitsa udzu kuchokera m'kati, n'kumapirikitsa tizilombo tofumbula mitengo ndi kudya zingwe zomangira. Moto ukazima kwa zaka, chinyezi chimakhazikika, udzu umayamba kuola, ndipo fungo lake munthu amalimva akangotsegula chitseko. Ku Nihon Minka-en, mumzinda wa Kawasaki ku Japan, malo amene anatsegulidwa mu 1967 atasonkhanitsa nyumba zakale za kumidzi zochokera m'madera osiyanasiyana, anthu ongodzipereka amasinthana kusonkha moto m'nyumbazo. Mlendo akalowa amapeza munthu ali pambali pa moto, n'kukhala naye pansi kucheza. Mlendoyo amapita kwawo akunena kuti wasangalala, osadziwa kuti wathandiza nawo kuteteza denga.

M'mapiri a dziko lomwelo muli midzi ya Ogimachi, Ainokura ndi Suganuma, m'madera a Shirakawa-go ndi Gokayama, imene bungwe la UNESCO, nthambi ya United Nations yoona za maphunziro ndi chikhalidwe, linaiika pa mndandanda wa malo ofunika padziko lonse mu 1995. Kumeneko kumagwa chipale chofewa chochuluka zedi, choncho madenga ake ndi aatali ndi otsetsereka kwambiri kuti chipalecho chisaunjikane. Mitengo ya denga anaimanga ndi zingwe popanda misomali, ndipo m'zipinda za pamwamba mabanja ankawetamo mbozi zopanga ulusi wa silika. Nyumba zina, monga ya banja la Wada ku Ogimachi, alendo amaloledwa kulowamo. Denga lotere limafunika kufoleredwa mwatsopano pakapita zaka makumi angapo, ndipo ntchito yake banja limodzi silingaithe. Pa mwambo wawo wotchedwa yui, mudzi wonse umabwera, nthawi zina anthu opitirira 100 pa denga limodzi, ena kupatsira mitolo ya udzu, ena kusoka, ena kuphikira ogwira ntchito. Banja lothandizidwalo limasunga mayina a amene anabwera kuti nalonso lidzapite tsiku lawo likadzakwana.

Mu 1971 anthu a ku Ogimachi anagwirizana mfundo zitatu zokhudza nyumba ndi malo awo: osagulitsa, osabwereketsa, osagumula. Ndipo poti mdani wamkulu wa udzu ndi moto, anaika mipope yamadzi m'mudzi monse, imene amaiyesa yonse nthawi imodzi chaka chilichonse chisanu chisanayambe. Madzi amathovokera m'mwamba kupitirira madenga, ndipo masiku ano anthu amayenda mitunda italiitali kudzajambula. Koma imeneyo ndi ntchito yoyesa zida zozimitsira moto, ndipo alendo atapanda kubwera ingachitikebe chimodzimodzi. M'mudzi momwemo mulinso mwambo wowalitsa nyumba ndi magetsi usiku m'miyezi ya Januwale ndi Febuluwale, umene unakonzedwa kuti anthu adzaone kukongola. Unakopa khamu lalikulu mpaka zinafika poti munthu sangangotulukira, ayenera kulembetsa pasadakhale. Sindikuunyoza mwambo wa magetsiwo, umabweretsa ndalama zimene mudzi ukuzifuna. Ndikungoona kuti tsiku la mipope limatha ntchito ikatha, pamene usiku wa magetsi ulibe pothera pake mpaka anthu atachita kuuikira malire.

Maganizo oti nyumba zakale zizikhala ndi anthu komanso zikondwerero anatchuka ndi Artur Hazelius wa ku Sweden. Ataona kuti mafakitale akusintha moyo wa kumidzi mofulumira, anayamba kugula nyumba za alimi, kuzimasula mtengo umodziumodzi, n'kukazimanganso pa chilumba cha Djurgården ku Stockholm, pamalo otchedwa Skansen amene anatsegulidwa mu 1891. Makoma okha sanamukhutiritse. Anaikamo anthu ovala zovala za m'madera amene nyumbazo zinachokera, ziweto, oimba, ndi zikondwerero za pachaka. Msika wa Khirisimasi wa pamalopo, umene unayamba mu 1903 iye atamwalira kale, ukuchitikabe mpaka lero. Mayiko ambiri anatengera chitsanzo chimenechi.

Komabe Skansen inasamutsa nyumba kuzipititsa kumzinda. Chimene ine ndimachisirira kwambiri ndi chimene chinachitika m'midzi ya dzikolo pambuyo pake. Anthu anayamba kupanga mabungwe awoawo osamalira mbiri ya dera lawo, ndipo bungwe lowagwirizanitsa onse linayamba mu 1916. Lero mabungwe otere alipo pafupifupi 2,000, ndipo ambiri ali ndi nyumba yakale ya pafamu imene amaisamalira okha, yotchedwa hembygdsgård. Oyendetsa ake ndi anthu wamba a m'deralo. M'mwezi wa Juni, masiku akatalika, anthu m'midzi yambiri amasonkhana pabwalo la nyumba imeneyi, kudzutsa mlongoti wokongoletsedwa ndi masamba ndi maluwa, n'kuvina mouzungulira. Palibe amene amachita kuitanidwa ngati mlendo, poti aliyense akudziwa kuti pamalopo ndi pawo.

Kuseri kwa nyumba yathu kuli kamunda kamene timadzalamo mbewu zamakolo, ndipo tsiku lokolola ndi limene ndimalikonda kuposa onse. Zida zenizeni zakale sitizitulutsa. Tili ndi zina zosulidwa mofanana nazo zoti anthu azigwira momasuka. Agogo ena aamuna amafika m'mamawa anthu asanachuluke, n'kukhala pansi chotsamira khoma, mwala wonolera uli pakati pa miyendo ndi chitini cha madzi pambali. Amatenga chikwakwa chimodzichimodzi, kuyendetsa chala chachikulu m'mphepete mwake, kupukusa mutu, n'kuyamba kunola. Safulumira. Amanyowetsa mwala, kukoka chitsulo mbali imodzi kangapo, kutembenuza, kuyesa pa tsamba la udzu. Ana amayamba kuwazungulira popanda wowaitana. Mnyamata wina atagwira chikwakwa n'kuweramira mbewu, agogowo anakuwa ali pomwepo: "Iwe mwana, tsitsa dzanja lamanzerelo, udzitema!" Anadzuka, kumugwira mkono, kumuonetsa pogwira phesi ndi mmene chitsulo chimakokedwera chakumbali osati cholunjika kumwendo.

Chapatali pang'ono amayi achikulire amakhala akupeta. Asanayambe, amatapa mankhusu pang'ono n'kuwaponya m'mwamba kuti aone kumene mphepo ikulowera, kenako n'kutembenuka kuti iwadutse chammbali. Atsikana akasukulu akalandira lichero amayesa n'chapafupi, koma mbewu zimathera pansi, mankhusu n'kutsala m'lichero. Pamakhala kuseka, kenako kubwereza, mpaka dzanja litagwira kayendedwe kake. M'nyumbamo muli lichero lakale lopachikidwa pakhoma, ndipo kapepala kali pansi pake kamanena dzina lake, zimene analukira ndi zaka zimene linkagwira ntchito. Kapepalako n'koona, koma sikanena za mphepo, sikanenanso kuti munthu akapeta tsiku lonse mapewa amawawa mpaka m'khosi. Mwana amene wapeta kwa mphindi zochepa akalowa m'nyumbamo amaima nthawi yaitali pa lichero lija, ndipo mafunso ake amakhala ena.

Tsopano za ndalama, chifukwa kuzibisa kungakhale kunama. Ndalama zolowera pakhomo sizikwanira kukonza denga, kulipira mlonda ndi kugula mankhwala a chiswe. N'chifukwa chake nyumba zambiri zotere zimabwereketsa bwalo kwa a ukwati, a misika, a magulu oimba. Ifenso timatero, ndipo sindichita nazo manyazi. Koma munthu akabwera ndi ganizo la chochitika chatsopano, ndimafunsa funso limodzi: chikanachitikira pabwalo la mpira, chikanasintha chiyani? Ngati yankho ndi loti palibe, ndiye kuti nyumbayo yangokhala poimira pojambulitsa. Zochitika zotere zimafika pa lole m'mawa, matenti, zokuzira mawu, mipando yapulasitiki, n'kuchokanso pa lole madzulo, ndipo anthu mazana amabwerera kwawo osalowa n'komwe pakhomo. Zingapo pachaka n'zabwino, zimagula udzu. Zikachuluka, oyandikana nafe amayamba kuiona nyumbayo ngati holo yobwereka imene imawasokosera usiku.

Chochitika chatsopano chikhoza kumera bwino ngati chili ndi muzu pamalopo. Ku England bungwe la Common Ground linayambitsa tsiku la maapozi pa 21 Okutobala 1990 ku Covent Garden mumzinda wa London, pofuna kudzutsa anthu kuti minda yakale ya zipatso ikutha limodzi ndi mitundu ya maapozi ya m'madera. Tsikuli linafalikira kumidzi, ndipo nyumba zakale zambiri zokhala ndi minda ya zipatso zinalitenga. Anthu amabwera ndi zipatso za mumtengo wa kuseri kwa nyumba yawo kuti odziwa awauze mtundu wake. Ku St Fagans, pafupi ndi Cardiff ku Wales, malo amene anatsegulidwa mu 1948, kuli famu ya nkhosa, ndipo nyengo yoswa ikafika amaika kamera m'khola kuti anthu aziona pa intaneti. Nkhosazo siziswa pofuna kusangalatsa munthu. Nyengo yake yangokwana, ndipo oyang'anira malowo anangotsegula chitseko kuti ena aone nawo.

Anzanga amene amaopa khamu ali ndi mfundo imene sindiikana, ndipo okonda zikondwerero ayenera kuimvetsera. Munthu aliyense wolowa m'nyumba yakale amasiyamo kanthu. Nsapato zimabweretsa mchenga umene umapala pansi. Zovala zimathothoka tiulusi timene timasanduka fumbi, ndipo fumbi likakumana ndi chinyezi limamatirira pa nsalu ndi pamatabwa moti kulichotsa kumachotsa ndi khungu la chinthucho. Tsiku la mvula anthu makumi atatu akalowa m'chipinda chimodzi ndi majekete onyowa, mpweya umalemera nthawi yomweyo. Osamalira zinthu zakale amayesetsa kuti chinyezi cha mumpweya chisapitirire 65 peresenti, chifukwa kupitirira pamenepo chuku chimayamba kumera pa zikopa, mabuku ndi nsalu.

Kuwala nakonso kumawononga, ndipo kuwononga kwake sikubwerera. Nsalu imene yasuluka ndi dzuwa yasuluka basi, palibe mankhwala obwezeretsa mtundu wake. N'chifukwa chake pa zinthu zosachedwa kusuluka, monga nsalu ndi zithunzi zojambula ndi utoto wamadzi, akatswiri amalangiza kuwala kosapitirira 50 lux (lux ndi muyeso wa kuwala), kumene kwa munthu wochokera panja pa dzuwa kumaoneka ngati mdima. Alendo amadandaula, ena amafuna kukoka katani kuti ajambule bwino. Ife tinagwirizana kuti phwando lonse lizichitikira pabwalo ndi m'chigafa, ndipo m'nyumba anthu azilowa m'timagulu tating'ono ndi munthu wowaperekeza. Pamzere pamakhala kung'ung'udza, koma ukawafotokozera chifukwa chake, ambiri amamvetsa, ena mpaka amayamba kudzudzula anzawo ogwiragwira zinthu.

Nanga moto uja ndimautamandawu? Ndi womwewonso umene ungamalize zonse mu ola limodzi. Pa 30 Ogasiti 1989 nyumba ya Uppark ku Sussex, m'dziko la England, inagwira moto kuchokera pa ntchito imene amisiri ankagwira padenga. Tsikulo munali alendo, ndipo ogwira ntchito pamodzi ndi alendowo anathandizana kutulutsa zithunzi, mipando ndi nsalu moto uli mkati. Zambiri za m'zipinda za pansi zinapulumuka, koma nyumbayo inatsegulidwanso mu 1995. Nkhani imeneyi ndimaikumbukira nthawi iliyonse wina akanena za usiku wa makandulo kapena wa nthano pamoto. Timachita, koma pamakhala munthu mmodzi amene ntchito yake ndi kuyang'ana moto basi, ndipo amatsala anthu onse atapita mpaka phulusa litazizira. Tilinso ndi pepala lonena zoyamba kutulutsa zinthu zikavuta. Kumudzi galimoto yozimitsa moto imachokera kutali, choncho oyamba kufika ndi ndowa adzakhala oyandikana nafe. Munthu amene anakololapo m'munda mwathu, amene akudziwa pamene pali mpope ndi chitseko cha kuseri, adzathamanga mosiyana ndi amene sanalowepo pageti.

Pali nyengo ina imene simalembedwa pa zikwangwani, koma kwa ine ndi yofunika ngati tsiku lokolola. Ndi nyengo yotseka. Bungwe la National Trust, limene linakhazikitsidwa mu 1895 ndipo limasamalira nyumba zakale zambiri ku England, Wales ndi Northern Ireland, lili ndi chizolowezi chotseka nyumba zambiri m'miyezi yachisanu, ntchito imene amaitcha kugoneka nyumba. Mipando amaifunditsa nsalu zosokedwa molingana ndi mpando uliwonse, ziwiya zadothi amazivindikira ndi mapepala ofewa, makapeti amawapinda, n'kuyamba kuyeretsa chipinda chimodzichimodzi kuyambira kudenga kutsika pansi. M'zaka zaposachedwa nyumba zina zimalola anthu kudzaonerera ntchito imeneyi, ndipo ndikuona kuti anaganiza bwino.

Kwathu nyengo yotseka ndi imene anthu a pafupi amabwera mwaufulu, poti palibe mlendo woti achite naye manyazi. Timakhala ochepa, aliyense ndi kaburashi kofewa. Buku silipukutidwa ndi nsanza. Umalitulutsa pa shelefu poligwira pakati osati kulikoka kumutu, kuligwira lotseka mwamphamvu, n'kusesa fumbi kuchokera kumsana kupita kunja. M'makona timaika timisampha tomata, ndipo tikatitola timawerenga tizilombo tagwidwamo n'kulemba m'buku kuti tione ngati njenjete zikuchuluka. Mayi wina wa m'gulu lathu ali ndi diso lakuthwa kwabasi. Amagwada pansi n'kuyang'ana kunsi kwa mwendo uliwonse wa mpando ndi wa bedi, kufunafuna kaufa kosalala kotuwira. Akakapeza amadziwa kuti kachilombo kali moyo m'kati mwa thabwalo, ndipo mpandowo timaupatula tsiku lomwelo usanapatsire ina. Pa ntchito yotereyi pakamwa sipakhala chete. Nkhani zambiri zimene timauza alendo zinatuluka pamenepa, wina atagwira chinthu n'kukumbukira kuti agogo ake anali nacho chotere, ndipo ankachigwiritsa ntchito mosiyana ndi mmene kapepala kathu kakunenera.

Apa ndi pamene pali nkhani imene imandivutitsa mumtima. Zikondwerero zimakonda nyengo ya zokolola, ya kukhuta ndi kuvina. Koma chaka cha anthu amene ankakhala m'nyumba zimenezi chinalinso ndi miyezi imene nkhokwe inkakhala pululu, miyezi ya matenda, ya ngongole, ya ana omwalira asanayambe kuyenda. Tikamaonetsa zovala zochapidwa bwino ndi nkhope zomwetulira zokhazokha, ana amapita kwawo akuganiza kuti kale kunali kokoma kokhakokha, ndipo pamenepo tawanamiza ngakhale chilichonse chimene tawaonetsa chili choona. Palinso funso la amene ankagwira ntchitoyo. Nyumba imatchedwa ndi dzina la mwini wake, koma amene ankatunga madzi, kusenza nkhuni ndi kudzuka usiku kukoleza moto kawirikawiri anali antchito amene mayina awo sali pakhoma lililonse.

Nyumba ya George Washington, pulezidenti woyamba wa America, ku Mount Vernon m'chigawo cha Virginia, inapulumutsidwa ndi bungwe la amayi lotsogozedwa ndi Ann Pamela Cunningham, limene linagwirizana zoigula mu 1858. Kwa zaka zambiri alendo ankamva za mwini nyumbayo, munda wake ndi mipando yake. Koma mu 1799, chaka chimene iye anamwalira, pamalopo panali anthu 317 okhala mu ukapolo. Mu 1983 anamanga chipilala cha chikumbutso pamanda awo, ndipo chaka chilichonse pamachitika mwambo wowakumbukira. Mwambo umenewo nawonso ndi chochitika cha pa kalendala, ngakhale suvinidwa. Nyumba yathu ndi yaing'ono, mbiri yake si yolemera chotero, komabe m'midzi yotizungulira muli anthu amene makolo awo ankagwira ntchito pakhomo pamenepa, ndipo si onse amene amaikumbukira nyumbayo mokondwa. Ndinalimbikira kuti pachaka pazikhala madzulo amodzi, m'nyengo imene kale chakudya chinkachepa, oti anthu amenewa azilankhula okha popanda wowakonzera mawu. Kumabwera anthu ochepa, ndalama sizilowa, ndipo nthawi zina mawu amatuluka owawa. Pa zochitika zathu zonse, chimenechi ndi chimene sindingalole kuti chichotsedwe.

Akuluakulu anati mlendo ndi mame. Wochokera kutali amabwera kamodzi, kujambula, kugula kachikumbutso, n'kupita, ndipo timamuthokoza chifukwa ndalama yake imatithandiza. Koma kalendala ikamakonzedwa poganizira iye yekha, anthu a pafupi amatsalira kunja kwa mpanda. Ambiri a iwo sanalowepo m'nyumbamo chibadwire, ena chifukwa cha ndalama ya pakhomo, ena chifukwa choganiza kuti malowo ndi a anthu ophunzira. Masiku olowa ulere amathandiza. Dziko la France linayamba kutsegula nyumba zake zakale kwa aliyense mu 1984, ndipo kuyambira 1991 mwambowu unafalikira m'mayiko a ku Ulaya, kawirikawiri m'mwezi wa Seputembala. Palinso 18 Meyi, tsiku la malo osungira zinthu zakale padziko lonse, limene ICOM, bungwe lapadziko lonse la malo oterewa, linayambitsa mu 1977. Masiku amenewa ndi abwino, koma anasankhidwa ndi anthu okhala kutali. Akagwera pa sabata imene aliyense ali kalikiliki kumunda, geti likhoza kukhala lotsegula tsiku lonse osalowa munthu. Tisanalembe tsiku lililonse pa kalendala, timayamba tafunsa aphunzitsi za mayeso, alimi za ntchito ya kumunda, ndi atsogoleri a mipingo za misonkhano yawo.

Ndipo kuitana anthu kudzaonerera n'kosiyana ndi kuwapatsa makiyi. Gulu la amayi oluka limakumana pakhonde pathu tsiku limodzi pa sabata, ndipo sitiwalembera pulogalamu. Sukulu ya pafupi ili ndi mizere yake m'munda muja, ana amadzala okha, kupalira okha, ndipo mbewu zikalephera amaona okha kuti zalephera. Zoterezi zimabweretsa mikangano yake, za ukhondo, za amene waiwala kutseka zenera, za amene wathyola zipatso zisanapse. Ndimaona kuti mikangano imeneyi ndi yopiririka poyerekeza ndi nyumba yaukhondo imene palibe akuikangana.

Chimene chikundidetsa nkhawa tsopano ndi msinkhu wa anthu amene akudziwa ntchitozi. Wonola zikwakwa uja, amayi opeta aja, bambo mmodzi yekha amene watsala wodziwa kusoka udzu pamsonga pa denga kuti pasalowe madzi, onsewo ndi okalamba. Timawajambula pa foni akamagwira ntchito ndi kusunga mawu awo, ndipo n'zofunika. Koma kanema saphunzitsa dzanja kulimba kwa mfundo kapena kulemera kwa mtolo wouma bwino. Ngakhale dambo lomweta udzu limafuna kumwetedwa chaka ndi chaka, apo ayi limamera zitsamba, ndipo tsiku lofolera likadzafika udzu woyenera sudzapezeka ngakhale ndalama zitakhalapo. Choncho tsiku lomweta udzu tinaliika pa kalendala ngati chochitika chapachaka, ngakhale chaka chimene denga silikufuna kukonzedwa, ndipo mitolo timaisunga pouma m'chigafa.

Kuyembekezera kuti achinyamata aziphunzira zonsezi mongodzipereka si chilungamo. Wachikulire amene anapuma pantchito ali ndi nthawi, pamene mnyamata kapena mtsikana amene akusakasaka poyambira moyo sangataye masabata athunthu padenga la eni popanda cholowa m'thumba. Ndapempha komiti kuti pa ndalama za ukwati uliwonse ndi msika uliwonse umene timabwereketsa bwalo, gawo lina lizipatulidwa kulipira achinyamata awiri oti aziyenda ndi bambo wofolera uja nyengo yonse, kuyambira kudambo mpaka pamsonga pa denga. Msungichuma wathu akuti ndalamazo zikufunikanso pa ngalande zochotsa madzi a mvula amene akukumba maziko kumbuyo kwa nyumba, ndipo akunena zoona. Tagwirizana kuti chaka chino tiyambe ndi wachinyamata mmodzi, ngalande tikumbe tokha tsiku limodzi mvula isanayambe, ndipo nkhaniyi tidzaionenso pa msonkhano wa pambuyo pa zokolola.